Mpando wa a Tauvela

Achimwene anga a Tauvela anagwira ntchito yosenda nyama ku fakitale ya ku Otahuhu mpaka zala zinapindika, koma mukawafunsa kuti ndinu yani sankatchula za mpeni. Ankatchula udindo. Iwo anali matai, mkulu wa banja lathu lonse, la kuno ku Mangere, mumzinda wa Auckland, ndi lotsala kwathu pa chilumba cha Savai'i, ndipo ulemu wa udindowo ankaukonda kuposa chakudya. Ine Siniva ndine mlongo wawo yekhayo. Pa mwambo wathu mlongo ndi amene angamuuze mwamuna zoona osabwezedwa mawu, ndipo mwayi umenewo sindinauseweretse.

Sanali munthu waukali ayi. Anali wanthabwala, wokonda talo, chakudya cha kwathu chonga chilazi, ndi nyama ya m'chitini, woimba besi yosochera mu kwaya ya tchalitchi. Koma ana awo anawalera momwe tinaleredwera ife: mwana saima mkulu atakhala. Ukalowa m'nyumba uyambe wakhala pansi, kenako uyankhule. Podutsa pamaso pa akulu uwerame. Mutu wa mwana usapose mutu wa bambo ake. Ana enawo zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linalo, koma Lafaele, mwana wawo womaliza, zinamulowa mpaka m'mafupa.

Lafaele anakula chimunthu chachitali, cha mapewa otakata, moti aphunzitsi a mpira wa ragibi ankachita kumulondola kunyumba. Iye mtima wake unali pa nyimbo. Pa mapemphero a banja ankaimba tena, mawu okwera a amuna, atakhala pamphasa, anthu odutsa mumsewu n'kumaima pa geti. Mphunzitsi wake wa kusekondale, Mayi Pritchard, anabwera kudzatiuza kuti mawu amenewa ndi a opera, masewero aja oimba okhaokha, m'Chitaliyana, popanda chokuzira mawu.

"Ndiye munthu akabayidwa m'seweromo amaimbabe?" anafunsa achimwene.

"Amaimba, nthawi yaitali ndithu," anayankha mayiyo.

"Azungu mumafa bwino. Mutengeni aphunzire."

Vuto linaonekera pa mpikisano wake woyamba waukulu, mu holo ina m'tauni. Achimwene anavala jekete yoyera ndi mkanda wofiira wa udindo, n'kukakhala mzere woyamba, m'munsi mwenimweni mwa nsanja. Lafaele anatulukira, anayang'ana pansi, n'kuona mutu wa bambo ake uli pafupi ndi nsapato zake. Ndinaona ndi maso angawa mapewa akugwa, khosi likupinda, mawondo akufuna pansi. Woimba opera amafunika kuima chilili, chifuwa chotambasuka. Mawu amene anatuluka tsiku limenelo anali a mwana wa mphaka, ndipo sanapate kanthu.

Titafika kunyumba ndinawauza achimwene mosapita m'mbali kuti mwanayo sangaimbe ataimirira pamwamba pa mutu wawo. Ulendo wina iwo akakhale kumbuyo.

"Kumbuyo? Kumene amakhala onyamula mbale?" anatero. "Wangochita mantha ameneyo. Mwina ndine wa tsoka pa iye, ndizingotsala pakhomo."

Anatsaladi. Anasankha kusamva mwana wawo kusiyana n'kuti anthu awaone kumbuyo. Nkhani imeneyi inandipweteka zaka zambiri, ndipo ndinkawakumbutsa nthawi iliyonse ndikapsa mtima.

Chaka chotsatira Lafaele anapambana mpikisano womwewo, bambo ake ali kunyumba. Anamutumiza kukaphunzira ku London. Kumeneko anayamba ndi kuima kumapeto kwa nsanja atagwira mkondo wa pulasitiki, madzulo n'kumatsuka mapoto m'lesitilanti. Kenako ku Germany woimba wamkulu anadwala chimfine tsiku la sewero, anamuponya Lafaele m'malo mwake, ndipo kuyambira pamenepo foni yake sinapumenso. Anaimba ku Milan, ku Vienna, ku New York. Nyuzi za kumeneko zinkalemba dzina lathu molakwitsa koma ndi zilembo zikuluzikulu.

Achimwene ankamuonera pa foni nthawi yopuma ku fakitale, akuonetsa anzawo ndi zala zopindika zija. "Wanga uyu. Mawuwa anatengera ine." Matikiti a ndege akabwera, chifukwa sichinkasowa: pali maliro, pali msonkhano wa madikoni, bondo lavuta.

Kenako ukalamba unafika. Anapuma pa ntchito, mtima unayamba kuvuta, adokotala anawaletsa nyama ya m'chitini ija, iwo n'kumaidya mobisa m'galaja. Chaka chimenecho ndi pamene tinamva kuti Lafaele akubwera kudzaimba mbali yaikulu kuno ku Auckland. Tchalitchi chonse chinagula matikiti. Eni ake a holo anasungira achimwene mpando wapakati, mzere woyamba. Ulendo uno panalibe pothawira, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale palibe ankanena, kuti ulendo wina mwina sudzakhalaponso.

Lafaele anafika ndi imvi m'ndevu, munthu woti mabwana amamutsegulira chitseko. Atangolowa pabalaza anagwa pansi, n'kukhwekhwereza thupi lonselo mpaka pa mapazi a bambo ake asanapereke moni. Pambuyo pake anandipeza kukhitchini ndikupala kokonati.

"Azakhali, ndaimbapo pamaso pa mafumu a ku Ulaya, osaopa kanthu. Koma ndikangoganiza ababa ali pansi pa mapazi anga, kukhosi kumatseka. Ndayesa kudziuza kuti ndi sewero chabe. Thupi silimva."

"Ndiye uwauze."

"Ine? Ndiwauze ababa kuti akakhale kumbuyo?" Anandiyang'ana ngati ndamutuma kukawamenya khofi.

Ndinapukuta m'manja n'kupita ndekha. Ndinawapeza akuonera ragibi.

"Achimwene, sankhanipo chimodzi, mpando kapena mwana. Mukakhala kutsogolo mudzamuchititsa manyazi pamaso pa anthu akwawo, inu n'kubwerako musanamumve."

"Nanga a kutchalitchi adzati chiyani? Adzati mwana walemera, waponya bambo ake kumbuyo ngati galu."

"Adzanena, pakamwa ndi pawo. Inu mwatsala ndi zaka zingati zomvera mwana pa foni?"

Anangokweza wailesi yakanema. Ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko, mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkawadziwa kuuma mutu kwawo.

Tsiku la sewerolo linali Loweruka masana. Achimwene anavala jekete yoyera ija ndi mkanda wofiira, anatenga ndodo, tinanyamuka. Titalowa mu holo, anthu a kutchalitchi anayamba kuwomba m'manja, mayi wolandira alendo akutitsogolera kutsogolo. Pakati pa kanjira achimwene anaima. Anakweza maso n'kuyang'ana khonde la pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, kumene kumakhala ana a sukulu a matikiti otsika mtengo.

"Mayi, kumwamba uko malo alipo?"

Mayiyo anadabwa, koma anati alipo, kungoti chikepe chimathera pakati, kotsalako ndi masitepe.

"A Tauvela, mwasochera! Malo anu ndi awa!" anakuwa mayi busa ali mzere woyamba.

"Khalanipo inu amayi, mumve bwino," anayankha, n'kutembenuka pamaso pa mpingo wonse. Ndinamva manong'onong'o akutitsatira kumsana. Khutu la achimwene linafiira, koma sanacheuke.

Masitepe amenewo sindidzawaiwala. Ankakwera pang'ono n'kuima, dzanja pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Ine ndinali pambuyo pawo.

"Mukafera pano ndikusiyani pompano, mwamva?"

"Khala chete, chemwali. Wayambitsa ndiwe."

Tinafika nyali zikuzima. Ndinamulembera Lafaele pa foni kuti ayang'ane kumwamba, osadziwa ngati aona. Nsanja inkaoneka patali pansi, anthu ake ngati zidole. Nyimbo zinayamba, kwaya inaimba, kenako anatulukira iye atavala za msilikali. Anayang'ana mzere woyamba, mapewa atayamba kale kugwa. Anapeza mayi busa ndi chipewa chawo. Ndiye anakweza mutu pang'onopang'ono, khonde ndi khonde, mpaka anaona kadontho koyera pafupi ndi denga.

Mwana uja anawongoka. Ndinamuona kuyambira tsiku lobadwa, koma sindinkadziwa kuti ndi wamtali choncho. Atatsegula pakamwa, mawu anakwera holo yonse n'kutipeza kumwambako athunthu, ofunda, ngati waima pambali pathu. Mawu a Chitaliyana sindinamvepo ngakhale limodzi, komabe ndinalira. Achimwene anandigwira pamkono mwamphamvu moti mawa lake panali potupa. Pa nyimbo yaikulu ya sewerolo, pamene tena amakwera n'kukhala pamwamba mpaka omvera kuiwala kupuma, Lafaele anaimba nkhope ili kwa bambo ake.

Atamaliza, holo inaphulika. Anthu anaimirira, ena akuponda pansi, ena akukuwa m'Chitaliyana. Pamenepo achimwene, munthu wa mtima wodwala, anakoka mpweya n'kutulutsa mfuu yathu ija ya pa magule, yakuthwa, yochokera m'mimba. Ana a sukulu anadzidzimuka. Pansi mpingo wonse unayankha ndi mfuu yomweyo, mayi busa akukupiza chipewa, azungu akuseka n'kumawomba m'manja kwambiri. Woyendetsa oimba zida anadikira nthawi ndithu asanapitirize.

Achimwene anakhala pansi akupuma movutikira, misozi ikutsikira pa jekete.

"Chemwali," anatero, "zaka zonsezi mwanayu amaimba chonchi?"

"Chonchi, achimwene."

Anapukusa mutu, maso ali pa nsanja. "Ndiye ine ndinali kuti?"

Ndinangowapatsa mpango, chifukwa Lafaele anali atayamba nyimbo ina.