Mfundo Imene Azakhali Anakana Kumasula

Mfundo 27. Ndinaziwerenga kawiri pa chingwe cha luzi chimene azakhali anga a Joaquina anabwera nacho tsiku limene apadiri anafika koyamba ku Mualadzi nkhondo itatha. Mfundo iliyonse ndi munthu amene anamubatiza ndi dzanja lawo.

Ife tinathawira ku Zambia, tinabwerako mu 1994, ine n'kuyamba kugulitsa mchere ndi sopo panjinga. Azakhali sanathawe. Amuna awo ankavutika miyendo, choncho anakhala nawo m'thengo zaka zisanu ndi ziwiri, akulima timinda tobisika m'mbali mwa mtsinje. Kunalibe wansembe ngakhale katekisita. Koma ali mtsikana anaphunzira kumishoni kuti munthu akamatsirizika wansembe kulibe, Mkhristu aliyense angathe kumuthira madzi pamutu m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Kulemba sadziwa. Akabatiza ankamanga mfundo, dzina n'kusunga pamtima. Mwa anthuwo, 19 anamwalira, ambiri makanda. Asanu ndi atatu akuyenda mpaka lero, ndipo awiri amandigula sopo.

Apadiri anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi buku la ubatizo, poti tchalitchi chinalibe denga. Ochokera ku Zambia ndi ku Malawi anaonetsa makadi awo a ubatizo. Azakhali anaonetsa chingwe. Ena anaseka. Apadiri sanaseke. Anafunsa mmene ankachitira, ndipo atamva anati, "Tchulani, mayi, ndilembe."

Anatchula mmodzimmodzi, chala chikutsetsereka pa luzi. "Odeta, mwana wa a Natália, chimanga chikumasula." Atafika pa mfundo ya 22 anati, "Enoki. Dzinali ndinamupatsa ndine pomubatiza."

A Gervásio, mkulu wa mpingo, mchimwene wa malemu a Timóteo, amuna awo a azakhali, anadzambatuka.

"Ameneyo ayi, apadiri! Anali wa mfuti. Gulu lake ndi limene linatentha nkhokwe kuno n'kupha mng'ono wanga Timóteo."

Zinali zoona. Azakhali anamupeza munthuyo kumtsinje atalasidwa pamimba, anzake atamusiya. Anapempha madzi akumwa, kenako anafunsa ngati Mulungu angalandire munthu wonga iye.

"Munthu azikumbuka Mulungu imfa itamugwira mwendo?" anapitiriza a Gervásio. "Ife tinakhala m'kalasi zaka ziwiri tikuloweza katekisimu. Iye chikho chimodzi cha madzi, basi wapulumuka? Kumwamba si msika woti aliyense n'kungolowa!"

"Alamu," anayankha azakhali osakweza mawu, "a Timóteo ndinawakwirira ndine, inu mukulandira ufa wa m'matumba ku Zambia. Musandiphunzitse kulira."

"Eee!" anatero amayi ena kumbuyo.

"Munthuyo anaulula yekha zimene anachita, osabisa. Ndinamufunsa ngati akukhulupirira, anavomera. Mumafuna ndimuuze kuti abayembekeza kufa, ndikafunse kaye alamu?"

"Nanga ngati ankanama?"

"Ngati ankanama, ananamiza Mulungu, osati ine. Diso loona mumtima ndilibe. Kapena inu anakupatsani ku Zambia pamodzi ndi bulangeti?"

Anthu anaseka, koma a Gervásio maso anali atafiira. Mng'ono wawo ankamukonda, ndipo kumanda kwake sanaponyeko dothi.

"Masulani mfundo imeneyo, mlamu, otsalawo alembedwe. Dzina lake lisakhale buku limodzi ndi ana athu."

Azakhali anapinda chingwe n'kuchimanga kumsonga kwa kapulana, chitenje chawo. "Mukamusiya uyu, fufutaninso 21 mwalembawo. Madzi ake ndi a mtsinje umodzi, dzanja ndi lomweli. Ngati ubatizo wake ndi wabodza, wa enawonso ndi wabodza."

Mwa olembedwawo munali mdzukulu wa a Gervásio amene anangokhala masiku anayi. A Natália anagwira pakamwa. Ine, kunena zoona, sindinanyadirepo mbale wanga ngati tsiku limenelo: mayi wopanda nsapato, wosadziwa kugwira cholembera, ataima chilili pamaso pa mpingo wonse chifukwa cha mdani wakufa amene analibe wina womulankhulira.

Apadiri anayang'ana a Gervásio nthawi yaitali. "Bambo, chisoni chanu ndachimva. Koma ili si buku la opulumuka. Limenelo lili ndi mwini wake, ndipo sanandibwerekepo. Ili ndi la obatizidwa." Anatembenukira kwa azakhali. "Mayi, munamubatiza?"

"Ndinamubatiza."

Apadiri analemba. A Gervásio anatenga chipewa n'kuchoka asanu omalizawo asanatchulidwe. Miyezi iwiri sanapereke moni kwa azakhali. Tsopano amapereka, ngakhale sanavomerebe, ndipo azakhali sawakakamiza.

Koma m'bukumo malo a dzina la mayi wa Enoki ali pululu, ndipo zimenezi sizikuwapatsa mtendere azakhali. Akuti Enoki asanamwalire ananena kuti kwawo ndi kufupi ndi Cassacatiza, amayi ake ndi oumba mbiya. Mayiyo ngati ali moyo ayenera kudziwa pamene mwana wake anagona, ndiponso kuti sanafe yekha. Ine ndimapita kumeneko kukapikula mchere. Lachinayi likubwerali ndiwatenga azakhali, ndipo tikayamba kufunsa kwa amayi ogulitsa mbiya m'mbali mwa msewu.