Chikuta cha Abiti Juma pa Tsiku la Utsi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene abambo anawatumiza kukaphunzitsa ku Chowe, kumtunda kwa boma la Mangochi. Ife tinali anthu a kunyanja, a ku Nkopola, ndipo utsi sitinkauwerengera ngati chinthu choopsa. Tinakulira pakati pa anthu owamba nsomba. Malaya athu a kutchalitchi, ngakhale atachapidwa bwanji, ankamvekabe fungo la nkhuni ndi utaka. Mlongo wanga Esinati yekha, yemwe anali ndi zaka zisanu, ndiye sankagwirizana nawo utsi, chifukwa anabadwa ndi mphumu. Amayi anali atandiphunzitsa chochita, ndipo ndinkachidziwa monga ndinkadziwira pemphero la chakudya: chifuwa chikamugwira Esinati, ndimutulutse panja, ndimukhazike tsonga, apume mphepo.

Ku Chowe anthu ankaopa moto wa m'tchire, ndipo ankaukonzekera. Udzu ukangouma, ana asukulu tinkalambula njira yotakata kuzungulira makalasi ndi nyumba za aphunzitsi kuti moto ukabwera usowe powolokera. Nkhokwe ankazilambulira, mitolo ya udzu wofolera ankaiunjika pabwalo poyera. Zonsezi abambo ankaziyang'anira mosamala, pakuti anali munthu wosakonda kudzidzimutsidwa.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala Che Saidi, mmisiri wa matabwa, ndi akazi awo Abiti Juma. Anali Asilamu, ife Akhristu, koma mchere ndi moto tinkapemphana tsiku lililonse. Sabata imeneyo Abiti Juma anali atangochira kumene, mwana wamwamuna, ndipo anali m'chikuta. Mwambo wake unali wakuti mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo salowamo munthu wamba, ngakhale bambo wake wa mwanayo. Anthu ankakhulupirira kuti mwambowu ukaswedwa khanda limadwala, mwinanso kumwalira. Ife ana tinkauzidwa kuti tisamasewere pafupi ndi khomo limenelo.

Linali Loweruka, mwezi wa Okutobala, dzuwa litakwera kale. Tinamva chitsulo cha pasukulu chikulira mosalekeza, osati monga chimalirira poitana ana. Moto unali utabuka kuphiri, ena amati anayatsa osaka mbewa, ndipo unkatsikira kuminda ya kutsidya kwa mtsinje kumene kunali nkhokwe zambiri. Mudzi wonse unanyamuka. Amuna ankathyola nthambi zaziwisi zopumphunthira moto, amayi ankathamanga ndi ndowa. Amayi anga anamanga chitenje n'kutsatira anzawo.

Abambo anatilowetsa m'nyumba. Chaka chapitacho mwana wina anali atatsatira akuluakulu kumoto n'kupsa mapazi, ndipo abambo sanafune kuti zimenezo zitichitikire. Anandiuza kuti moto uli kutali, njira tinalambula, muno simungafike kanthu. Ndingomuyang'anira mlongo wanga, abwerera posachedwa. Kenako ndinamva loko akutsekedwa kunja.

Poyamba tinkasewera bawo ya timiyala pansi. Chimene ndinayamba kuona ndi kuwala. Dzuwa lolowera m'ming'alu ya zenera linasanduka lofiirira, ngati madzi a mumtsinje mvula ikagwa kumtunda. Kenaka fungo. Nyumba za aphunzitsi zinali zamalata, ndipo pakati pa khoma ndi denga panali mpata woti mkono n'kulowa. M'mipata imeneyo utsi unkalowa mwakachetechete n'kumayala kudenga, kenako n'kumatsika. Timapulusa takuda ta udzu tinkagwera pamphasa. Esinati anasiya kusewera. Anakhala chogwada, manja atatsamiza pansi, mapewa akukwera ndi kutsika, ndipo m'chifuwa mwake munayamba kulira kamluzu kamene ndinkakadziwa bwino.

Ndinathamangira kuchitseko. Chinangogwedezeka pa loko. Ndinathamangira kuzenera, lomwe linali la matabwa koma lili ndi zitsulo zotchinga akuba, ndinalitsegula, n'kumunyamula Esinati kuti nkhope yake ifike pamphepo monga amayi anandiphunzitsira.

Kunja kunalibe mphepo yoti munthu n'kupuma. Mtengo wa mango umene unali pakhomo pathu sunkaoneka. Sukulu sinkaoneka. Kunali chinthu chimodzi chokha chotuwa, chotentha, chimene chinatilowa m'maso ndi kukhosi nthawi yomweyo. Mpaka lero sindinapeze mawu okwanira kufotokoza mmene ndinadzidzimukira. Ndinkadziwa kuti madzi amatha pachitsime, ufa umatha m'dengu, koma sindinaganizepo kuti mpweya wa panja, umene Mulungu anauyala paliponse, ungathe kuipa wonse nthawi imodzi, munthu n'kusowa kothawira. Mankhwala okhawo amene ndinkawadziwa ndiwo anali atasanduka matenda.

Ndinamutsitsa. Milomo yake inali itayamba kuda, ndipo sankalira, chifukwa kulira kumafuna mpweya. Ndinayamba kumenya chitseko ndi mpando, ndikuitana amayi, abambo, aliyense. Ndinkadziwa kuti m'mudzi simunatsale munthu.

Munali mutatsala mmodzi. Ndinamva mapazi oyenda mokoka, kenako mawu a Abiti Juma, Chichewa chawo cholemera Chiyao, akufunsa kuti muli ndani m'menemo. Nditawauza kuti Esinati akulephera kupuma ndipo chitseko n'chokhoma, ndinawamva akugwedeza loko uja. Ndikaganiza tsopano, ndimadziwa chimene ankachiyeza mumtima nthawi imeneyo. Kenako anati, "Choka kuchitsekoko, mwanangu." Anatenga musi wa amayi umene unali pakhonde. Anamenya kangapo, akupumira pakati, mayi woti wabereka masiku apitawo, mpaka chitsulo chokolekapo loko chinazuka pamodzi ndi misomali yake.

Anali atadzikulunga chitenje chonyowa kumaso, maso okha akuoneka. Anavula chitenjecho n'kumufunditsa Esinati kumutu, anandiuza kuti ndimubereke chifukwa iwo sakanatha kunyamula, ndipo anandigwira dzanja kunditsogolera. Titafika pakhomo pawo ndinaima, pokumbukira kuti m'menemo salowamo. Anandikankha pamsana.

M'chikutamo munali mdima ndi kafungo ka mafuta a nsatsi, koma munali mpweya. Nyumba yawo inali yaudzu, yomata bwino mpaka kudenga, pakuti asanachire anali atatseka mipata yonse kuti khanda lisawombedwe mphepo. Atangomva fungo la utsi m'mawa umenewo, anazimitsa moto umene ankaotha, ananyowetsa nsalu zonse zimene anali nazo n'kuzitsekera pansi pa chitseko ndi pakazenera. Khanda linali gone pamphasa, likupuma bwinobwino. Anamukhazika Esinati pansi, chotsamira pa miyendo yawo, n'kumamusisita pamsana pang'onopang'ono, akunong'ona mapemphero a chipembedzo chawo. Ine ndinkanena Atate Wathu chamumtima, ndikulakwitsa mizere. Nsalu ikauma ankandituma kuti ndiiviikenso mumtsuko.

Kamluzu kaja sikanathe, koma kanasiya kuthamanga.

Dzuwa litapendeka tinamva anthu akubwerera, akuseka ndi kunyozana za amene anathawa moto poyamba. Anali atauzimitsa pamtsinje. Palibe nkhokwe inapsa, ndipo moto sunayandikire n'komwe njira imene tinalambula. Kenako kuseka kunaduka, ndipo ndinamva amayi akuitana maina athu ndi mawu amene sindinawamvepo. Anali atapeza chitseko chothyoka, m'nyumba muli utsi wokhawokha, ana mulibe.

Abiti Juma anawayankha ali m'kati momwemo kuti ana ali kuno, ali moyo. Amayi analowa. Abambo anafika pakhomo n'kuima, pakuti mwamuna sakanalowa. Ndinasuzumira pampata wa chitseko ndipo ndinawaona: nkhope yakuda ndi phulusa, nthambi yopserera ikadali m'manja, kiyi akulendewera pachingwe m'khosi. Ankamvetsera kupuma kwa mwana wawo kudzera m'chitseko. Anthu anali atasonkhana kumbuyo kwawo, ndipo amayi ena achikulire anayamba kung'ung'udza kuti chikuta chaswedwa, mayi watuluka mchombo usanagwe, ana a eni alowa, nanga khandali likadwala adzati chiyani.

Abambo anatembenukira kwa Che Saidi, amene anali atangofika. Anapepesa, n'kunena kuti amutulutsa Esinati nthawi yomweyo. Che Saidi anayang'ana utsi umene unali ukadali pamitengo, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mumutulutsa kuti apite kuti? Msiyeni apume. Za khandalo adziwa ndi Mulungu." Atakhala pang'ono anawonjezera kuti chitseko adzakonza okha mawa, popeza wothyola ndi mkazi wawo. Ena anaseka pang'ono. Abambo sanaseke. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, munthu woti sankakhala pansi popanda mpando, n'kuphimba nkhope ndi manja.

Mphepo itatembenuka n'kuyamba kukankhira utsi kuphiri, abambo ndi amayi anamukulunga Esinati m'nsalu yonyowa n'kutsika naye kumsewu, kumene anapeza lole yopita kuboma. Anagonekedwa m'chipatala masiku angapo. Adokotala anawauza amayi kuti akanakhala m'nyumba yokhomedwa ija kanthawi kena, sakanafika naye wamoyo. Anachira, ngakhale chifuwa chake sichinabwererenso mwakale, ndipo lero ndi agogo a adzukulu awo ku Balaka.

Masabata otsatira amayi ankapita m'mawa uliwonse kukafunsa mmene khanda lagonera. Likangoyetsemula, mitima yathu inkakhala m'mwamba, chifukwa tinkadziwa zimene anthu akananena, ndiponso amene akanamuloza chala. Mwanayo anakula bwino. Koma Abiti Juma sankadziwa zimenezo pamene ankatola musi uja. Iwo mwambowo ankaukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo anatuluka akudziwa kuti mwina akuika mwana wawo pangozi chifukwa cha mwana wa mnzawo.

Abambo sanakambepo za tsikulo kwa nthawi yaitali. Anangoyamba kuchita zinthu. Anamata mipata ya kudenga m'chipinda chimodzi, n'kuikamo mtsuko ndi nsalu zakale zimene sitinkaloledwa kuzigwiritsa ntchito ina. Anasiya kutentha zinyalala pakhomo, n'kukumba dzenje. Pasukulu anapempha kuti tchire lozungulira lizitenthedwa msanga, udzu usanaumitsitse, m'mawa kopanda mphepo, ndipo asanayatse azituma ana kukauza nyumba zimene kuli makanda, okalamba ndi odwala chifuwa. Ndipo kukabuka moto, munthu wamkulu mmodzi ankatsala m'mudzi. Tsiku lina tikumata khoma lija anangoti, osandiyang'ana, "Tinakonzekera chimene chimaoneka ndi maso, mwana wanga."

Sindinawaweruzepo abambo chifukwa cha loko uja. Anatitsekera chifukwa chotikonda, ndipo ine ndikanakhala iwo mwina ndikanachita chimodzimodzi. Ngakhale osaka mbewa aja sindidziwa ngati anamvapo n'komwe kuti kamoto kawo kanakafika pachifuwa cha mwana amene sanamuonepo.

Tsopano ndinabwerera ku Nkopola, ndipo chimwalirireni mayi a kunyumba ndimakhala ndi mdzukulu wanga wamng'ono. Chilimwe chikafika mapiri a kutsidya amafukabe, ndipo pano pathu anthu amatentha mapulasitiki ndi zinyalala madzulo alionse. Ndikaona mnansi akufuna kuyatsa, ndimapita kukamupempha mwaulemu kuti ayambe waona kumene mphepo ikulowera ndi amene akukhala kumeneko. Ena amamva, ena amandiona ngati nkhalamba yovuta, ndipo sindikwiya nawo. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti munda uli ndi malire, nyumba ili ndi chitseko, koma mpweya tonse timapumira m'mbale imodzi. Woyatsa moto amasankha yekha poyatsa, koma sasankha amene adzapume utsi wake, ndipo kawirikawiri amakhala munthu wofooka kuposa onse, amene alibe mphamvu ngakhale yoitanira thandizo.