Anandikwezera Mawu, Kenako Anawatsitsa Yekha

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye tsiku limene ndinatsala pang'ono kulira pagulu.

Ine ndimaluka tsitsi mumsika, ka salon kanga kali kuseri kwa ogulitsa nsapato. Ogulitsa ambiri ndife akazi, koma komiti yoyendetsa msika inali ya abambo okhaokha. Chimbudzi chathu chinkakhala chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa wapampando. Malo abwino ankagawana ku bala, ife tinkangoona m'mawa kuti pafupi ndi geti pakhala mlamu wa uje. Ndiye tinayambitsa kampeni yoti theka la mipando likhale la amayi.

Pa msonkhano woyamba mu holo anandipatsa maikolofoni. Nditangoti "amayi anzanga", abambo akumbuyo anayamba kuimba miluzu, ena n'kumafunsa kuti mwana ndamusiyira ndani, chonsecho ndilibe ngakhale mwana. Mawu anga anamira. Kenako mwadzidzidzi ndinangomva mawu anga omwewo akugunda makoma onse, miluzu ija zii... Kuyang'ana pakona, mnyamata wa zokuzira mawu akundimwetulira, chala chili pa mixer.

Titamaliza anabwera akukulunga mawaya pamkono.

"Sisi, musamaope. Inu muzingolankhula, volume ili ndi ine."

Sindinama, ndinagwa naye pomwepo.

Msika wonse umamutchula kuti Wamaspika. Anayamba kumadutsa ku salon madzulo alionse, ati akudzatchaja foni, pomwe kwawo magetsi alipo. Maikolofoni imodzi anaimata tepi yofiira n'kunena kuti imeneyo ndi yanga ndekha, ndipo iziikidwa mabatire atsopano nthawi zonse. Anandiphunzitsanso mixer: maikolofoni iliyonse ili ndi kabatani kake, ukakankhira m'mwamba mawu amakwera, ukatsitsa munthu amangotsegula pakamwa ngati nsomba. Pa kabatani kanga anamatanso tepi yofiira. Ine ndinkati chikondi ndiye chimenechi.

Mkulu wanga yekha ndi amene sankasangalala naye. Iye amakonda kufunsa aliyense wovala T-shirt ya kampeni yathu chifukwa chake waivala. Mayi wa tomato anamuyankha kuti watopa kupempha chimbudzi ku filling station. Bambo wina wokalamba, telala, anati ali ndi ana aakazi okhaokha ndipo safuna adzagwadire munthu kuti apeze benchi. Ena amangofuna T-shirt ndi chithunzi, amenewo amadziwika msanga.

"Nanga wakoyu?" anandifunsa. "Chikomekome cha mkuyu, mng'ono wanga."

Ndinakamufunsa Wamaspika. Anandiuza za mayi ake, amene anamulera okha akugulitsa kaunjika, mpaka tsiku lina komiti inawachotsa pamalo popanda wowalankhulira. Misozi inalengeza m'maso mwake. Ndinachita manyazi kuti ndamukayikira.

Zinthu zinayamba kununkha pamene amayi anasankha ine kuti ndipikisane ndi wapampando. Ndinathamangira kukamuuza Wamaspika, ndikuyembekeza kuti andinyamula. Iye anapitiriza kupukuta spika.

"Congrats. Koma kulankhula ndi kwina, mpando ndi kwina, babe."

Kuyambira pamenepo mafunso sankatha. Salon azitsegula ndani? Misonkhano yake izitha nthawi yanji? Anadandaula kuti anzake ayamba kumuseka, akumuti azindinyamulira handbag. Tsiku lina ndinamupeza akuseka ndi anthu a wapampando kuseri kwa holo, atandiona anati ndi ma customer chabe. Mtima unkandiuza zina, koma ndinkauletsa.

Tsiku la debate holo inadzaza mpaka m'mawindo. Wapampando analankhula, mawu ake akumveka mpaka ku geti. Itafika nthawi yanga ndinatenga ya tepi yofiira ija, ndinayamba za kiyi wa chimbudzi... palibe chomveka. Anthu anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti ngakhale makina akana mkazi.

Wamaspika anakweza manja. "Mabatire, sisi! Mabatire atha!"

Sisi? Ine lero ndine sisi?

Ndinayang'ana maikolofoni, kagetsi kake kobiriwira kakuyaka bwinobwino. Ndinatsika pa steji mpaka pa tebulo lake. Kabatani ka tepi yofiira kanali pansi penipeni, chala chake chili pomwepo. Ndinachotsa chalacho n'kukankhira kabatani m'mwamba monga anandiphunzitsira yekha. Maspika analira mpaka anthu kutseka makutu. Ndinalankhulira pomwepo, nditaima pambali pake, dzanja langa lili pa mixer mpaka ndinamaliza.

Anthu atatuluka tinatsala awiri ndi mipando. Ndinamufunsa kuti wapampando wamupatsa chiyani. Anzanga, ndinkafunitsitsa akanati anamugula, bola ndikanati ndi umphawi.

"Palibe anandipatsa kanthu," anatero akuyang'ana mawaya. "Amayi enawo aime, ndiwakwezera mpaka kudenga. Koma iwe ndiwe wanga. Sindingakwatire mkazi woti msika wonse uzimutukwana."

"Nanga mayi ako aja?"

"Zimenezo ndi zoona."

Ndikukhulupirira kuti ndi zoonadi, ndipo n'zimene zimandiwawa kwambiri. Munthu amadziwa bwino zimene zimachitika mkazi akasowa womumvera, koma anatsitsabe.

Mpando wa wapampando sindinaupeze, ndinatsala pang'ono. Koma amayi tinalowa mu komiti, ineyo ndili momwemo, ndipo kiyi uja pano amakhala pa msomali mu salon mwanga, aliyense amangotenga. Mkulu wanga sananene kuti ndinakuuza, anangobwera n'kundiluka tsitsi ine woluka anzanga, ndikulira.

Wamaspika amabwerabe ku misonkhano yathu atavala T-shirt ija, ndipo amawomba m'manja kuposa aliyense. Atsikana atsopano amati ndi mwamuna womvetsa zinthu. Ine sindiwatsutsa. Ndimangowauza kuti mwamuna akamawombera m'manja akazi a eni, usafulumire kumupatsa mtima. Dikira tsiku limene woima kutsogoloyo ndiwe, uone kumene chala chake chipite.