Mitambo ya pa tivi ndi jekete ya a Mweemba

Lachisanu lapitali m'mamawa ndinachotsa chitenje chomwe chinaphimba tivi yathu. Chinakhalapo kuyambira tsiku limene amuna anga, a Mweemba, anatisiya. Amayi a kumpingo ndiwo anaphimba, pamene ankatulutsa mipando kuti anthu a pamaliro apeze pokhala. Maliro atatha mipando inabwerera m'malo mwake, koma chitenjecho sindinachikhudze.

Sindinachichotse chifukwa chofuna mafilimu ayi. Ndinkafuna kudziwa za mvula.

Nkhani yake ndi iyi. Loweruka abale a amuna anga anali kubwera kuchokera ku Kalomo kudzagawana zovala za malemu, monga mwa mwambo. Zovala zotere siziperekedwa zakuda, siziperekedwanso zonyowa. Mkazi wamasiye amazichapa zonse, kuzisita, n'kuziyala pamphasa. Zikatuluka zonunkha chinyezi palibe angakunene pamaso, koma m'basi pobwerera adzafunsana kuti, "Mwaona mmene ankamusungira m'bale wathu?" Mawu amenewo ine sindinkawafuna. Munthuyo ndinamusunga bwino. Koma sabata yonse mvula inkangobwera mosalonjera, ndipo tsiku lochapa linanditsalira limodzi lokha.

M'nyumba mwathu za nyengo zinali za a Mweemba. M'mawa uliwonse ine ndili panja kukoleza mbaula, iwo ankakhala pampando wawo kuonera pulogalamu ya zanyengo. Ikatha ankasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Amake Mutinta, lelo yanikani," kapena, "Lelo tengani ambulela." Ine pulogalamuyo ndinali ndisanaionerepo ndi maso anga. Ndinkangodziwa kanyimbo kake koyambira.

Choncho Lachinayi, ndili pa benchi yanga ya nyemba ndi kapenta ku msika wa Maramba, ndinafunsa ba Namakau, anzanga ogulitsa tomato pafupi nane, ngati amva zomwe a zanyengo anena za mawa lake.

"Baja? Ni boza chabe, amake Mutinta," anatero. "Ine pa tivi nimatamba chabe madilesi ya uja mukazi wa zanyengo. Tsiku lina anakamba ati kuzankhala zuba, kulibe mvula, nayanika mapilo yonse, kubwela napeza yasamba."

Ba Mubita, amene amagulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, anali pomwepo akusankha kapenta. Analowerera.

"Vuto ni yakuti ise tili pansi pa mapu. Uja mukazi akaimilila, Livingstone yonse ili kumbuyo kwa siketi yake. Manje tizaziba bwanji? Ba ku Kitwe beve bali pamwamba, bamaoneka monga mabwana."

"Elo ati mvula izagwa m'malo ena a kumwela," anapitiriza ba Namakau. "Malo ena ni kuti? Ku Dambwa olo ku Libuyu? Bakambe mushe, osati kutizungulusa."

Tinaseka tonse. Inenso ndinaseka, patapita nthawi yaitali ndisanaseke. Koma kunyumba ndinabwerera wopanda yankho.

Ndiye m'mawa mwake, malaiti alipo mwamwayi, ndinakhala pampando wa a Mweemba. Kanyimbo kaja katayamba ndinatsala pang'ono kuzimitsa, chifukwa khutu langa linkadikira mawu a pawindo. Ndinalimba mtima.

Ba Mubita sananame. Tili pansi penipeni pa mapu, ndipo mayiyo anatibisadi kwa kanthawi. Dilesi lake linalinso labwino, ba Namakau sanalakwe. Koma kenaka anasendera pambali, ndipo panabwera chithunzi chomwe palibe aliyense pamsika paja anandiuzapo.

Ndinaona mitambo kumsana kwake.

Moyo wanga wonse mitambo ndimaiona kumimba, ine ndili pansi, iyo ili pamwamba panga. Apa inali pansi pa maso anga, yoyera ngati ufa wotayika pamphasa, ndipo inkayenda. Dziko lathu lonse linali pamenepo, laling'ono ngati nsalu ya patebulo. Mayiyo anati chithunzicho chajambulidwa ndi makina omwe ali kumwamba kwambiri, kupitirira kumene ndege zimafika. Ine sukulu ndinalekezera panjira. Sindidziwa amene anawakweza makinawo, kapena chimene chimawagwira kuti asagwe. Ndinkaganiza kuti kuona mitambo uli pamwamba pake ndi za Mulungu yekha ndi angelo ake.

Mitamboyo inali mbali ya ku Angola, ikutsikira cha ku Sesheke. Mayiyo analoza ndi dzanja, nati kwathu kuno m'mawa kukhala dzuwa lamphamvu, masana ndithu kubwera mvula ya mabingu. Kutanthauza kuti mvula yomwe idzagwe pabwalo panga inali itabadwa kale. Inali panjira, ngati mlendo amene wakwera kale basi, ndipo wina anamuona akukwera, n'kudzandiuza.

Abale anga owerenga, kodi chinthu chotere n'chaching'ono?

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Ine mwambi umenewu ndimaudziwa bwino tsopano. Amuna anga anadzuka bwinobwino, anamwa tiyi, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali mkazi wamasiye. Panalibe mapu, panalibe wondilozera ndi dzanja kuti chikubwera ndi ichi. Koma mvula masiku ano imaimba ng'oma. M'mawa uliwonse pali munthu amene amadzuka kudzatiimbira ng'omayo, ife n'kumaseka kavalidwe kake.

Sindikunena kuti salakwitsa. Mapilo a ba Namakau ananyowadi. Ndipo zingakhale bwino a pa tivi atamva madandaulo athu, mayiyo n'kumaima mbali ina kuti ifenso a kumunsi tizioneka, komanso n'kumalankhula mochedwerako kuti ife amene chizungu chimatidutsa tizitolako. Izi ndi zoona, zinenedwe.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti tikanyowa tsiku limodzi timalikumbukira chaka chonse, koma masiku onse amene tinanyamula ambulela n'kufika owuma palibe amawatchula. Tikufuna atiuze mvula ya pakhomo pathu, ngati kuti mtambo umadziwa nambala ya nyumba. Kodi si ife tomwe timaona mvula ikugwa mbali imodzi ya Mosi-oa-Tunya Road, mbali inayo fumbi likuuluka?

Mwina ndi mmene tilili anthu a tauni ino. Alendo amachokera kutali kudzaona mathithi athu, ena mpaka kugwetsa misozi. Ife utsi wa madzi ake timauona tikupita kukagula makala, osatembenuka n'komwe. Chodabwitsa chikamabwera tsiku ndi tsiku timachiyesa chinthu wamba.

Ndibwerere ku zovala. Pulogalamu itatha ndinatulutsa mabeseni. Ndinachapa malaya, mathalauzi, suti ya kutchalitchi, maovololo. Dzuwa linawala monga ananenera, ndipo chingwe chinadzaza kuchokera pa mtengo wa mango kufika pampanda.

Panatsala jekete yaikulu, yomwe ankavala nyengo yozizira. Ndinkati ndikaitenga, n'kuibwezanso pansi. M'khosi mwake munali mukadali fungo lawo, la mafuta odzola ndi utsi wa mbaula. Ndinkadziwa kuti ikangolowa m'madzi a sopo, basi, fungolo lapita. Ndinaichapa pomaliza, dzuwa lili kale pamutu.

Masana mphepo inasintha. Kumadzulo kunada. Ndinaima pabwalo kuyang'ana mtambowo ukubwera, ndipo ndinauzindikira. Ndinali nditauona kale m'mawa, uli kutali. Ndinayanula zovala zina zonse zili zouma, madontho oyamba akugwa. Jekete yokha ndiyo inali yonyowa. Mlandu sunali wa mayi wa pa tivi. Iye ananena nthawi yake, wochedwa ndinali ine.

Loweruka abale anafika. Ndinayala zonse pamphasa, zosita bwino. Jekete ndinaiika kumapeto. A Hamoonga, akulu awo a malemu, ndiwo ankagawa. Atafika pa jekete anaigwira, n'kuigwiranso.

"Mulamu, iyi ikali na manzi."

Ndinayamba kufuna kufotokoza za mvula. Koma iwo anayang'ana malaya osita aja, n'kuyang'ana ine.

"Sitinganyamule yonyowa mu basi," anatero. "Isale. Muzaivala mu Juni."

Jeketeyo ili m'nyumba muno, inauma Lamulungu.

Lolemba ndinawauza ba Namakau kuti a zanyengo ananena zoona. Iwo anati kwawo ku Libuyu sikunagwe ngakhale dontho, ndiye ni boza ndithu. Sindinalimbane nawo. Ndinangowapempha kuti tsiku lina, akamaliza kuona dilesi, adikireko pang'ono mpaka mayiyo asendere pambali.

Chitenje chija ndinachipinda, chili m'sutikesi. Tsopano mbaula ndimakoleza mochedwerako, chifukwa nthawi imeneyo ndimakhala pampando. Dzulo pulogalamu itatha ndinapezeka ndasuzumira pawindo. Mwana wanga Mutinta anali panja ndi beseni la zochapa, akundiyang'ana, akudikira.

"Lelo yanika," ndinatero.

Nanga inu, m'mawa uno tivi ili chiyatsire, munaona dilesi kapena munaona mitambo?