Bangwe wa Pilato Anapita ku Joni

Pilato anawoloka Ruo ndevu zitangoyamba kumera, mng'ono wake Lackson ali pambuyo ndi kamtolo pamutu. Kwawo kunali kutsidya, kufupi ndi phiri la Namuli, kumene Apwitikizi ankagwira amuna n'kuwamanga zingwe kukawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Maina awiriwa sanabadwe nawo. Anawapatsa ndi kapitawo wa pa esiteti ya mzungu wina m'munsi mwa phiri la Mulanje, poti lilime lake linkapunthwa pa maina a Chilomwe.

Masiku amenewo khofi anali atakanika, ndipo azungu anayamba kuyesa tiyi. Anyamatawa ankazula zitsa, kukumba mayenje a mbande, zonsezo zathangata, kuti aloledwe kumanga kanyumba pamalo a mwini esiteti. Akaweruka, Pilato ankatenga bangwe wake, Lackson n'kumaimba nyimbo zakwawo. Koma chiperoni cha ku Mulanje sichinkagwirizana ndi nsambo za luzi. Zinkanyowa, kulefuka, kenako phwi! kuduka nyimbo ili pakati.

Tsiku lina Pilato anapita kwa Chonde kukagula mchere kwa a Waziri, Myao wa Chisilamu wogulitsa nsalu. Anawapeza akumasula belo, waya wake atamutaya pambali. Pilato anamutola, kumukoka ndi mano, kumugunda ndi chala, waya uja n'kulira.

"Mukufuna mukatchere naye chiyani, akalulu kapena nkhwali?" anafunsa a Waziri.

"Ndikufuna aziimba, bambo."

A Waziri anaseka mpaka kugwetsa mkono woyezera nsalu, koma anamupatsa, n'kuwonjezapo chitini chakale cha parafini chimene Pilato ankachiyang'anitsitsa.

Thabwa anakapempha kwa amacheka a mkungudza kuphiri. Analisema, kuboola timabowo ndi msomali wamoto, kukunga waya, n'kulowetsa mutu wa thabwalo m'chitini muja. Poyamba mawu ake anali ouma, olasa m'makutu. Anayesa kumangirira tizigoba ta nkhono pachitinipo, ndipo mawu aja anayamba kunjenjemera ngati munthu amene akuimba atangosiya kulira. M'dera lonselo munalibe amene anamvapo bangwe wotero. Anthu ankachokera ku Chitakale kudzamvera. Enifa, mtsikana wothyola tiyi, anabwera kamodzi ndi anzake, kachiwiri yekha, ndipo chaka chisanathe anali mkazi wake.

Lackson ndiye thangata linamukwana. Atamva kuti kwabwera olemba anthu opita kumigodi ya ku Joni, anakalembetsa osauza munthu. M'mawa wonyamuka anaima pakhomo, maso ali pansi.

"Achimwene, ndibwerekeni bangweyu. Kumeneko ndikaimba ndi yani?"

"Iwe, amene uja ndi mkono wanga."

"Ndidzabwera naye. Mvula ikagwa kawiri mudzandiona."

Pilato analowa m'nyumba, kukulunga bangwe uja m'chiguduli, n'kumuika yekha pamutu pa mng'ono wakeyo. Anamuperekeza mpaka pa Likhubula, kenako anabwerera yekha kunyumba.

Mvula inagwa kawiri, inagwanso, Lackson osabwera, tiyi uja anakula mpaka m'chiuno. Pilato anapanga bangwe wina wabwino kuposa woyamba, koma akafika pamene Lackson ankalowera ndi mawu ake, zala zinkaima zokha.

Patapita zaka anamva kuti kwa Nkando kwafika munthu wochokera ku Joni, dzina lake Morris. Anajomba kuntchito n'kupita wapansi. Anapeza bambo wowonda, wovala jekete padzuwa, akutsokomola.

"Lackson Mlomwe, woimba uja? Ndani sakumudziwa!" anatero a Morris. "M'komponi mwathu Amashangani, Abesutu, onse anakopera chinthu chake chija. Waya kumeneko ndi wotaya. Lamulungu lililonse zitini zimangolira, amachitcha kanyasa, potengera dzina la dziko lathu lino. Ena anapita nacho kwawo."

Pilato anasendera pafupi. "Amanena kuti anachipanga ndani?"

"Iwo aja sadziwa. Koma iye asanayambe kuimba ankati, 'Ichi anapanga achimwene anga a ku Mulanje.' Nthawi zonse."

"Nanga ali kuti?"

A Morris anayang'ana kumbali. "Anasamukira kumgodi wina. Ena ankati anapitirira kunyanja yamchere, ku Kepi. Sindinganame, sindikudziwa."

Pobwerera Pilato ankati akasekerera yekha panjira, misozi n'kutsatira pomwepo. Chinthu cha manja ake chinali kulira m'maiko amene iye sankatha n'kuwatchula komwe, koma mwana wa mayi ake, mmodzi yekhayo, anasowera momwemo.

Kuyambira pamenepo anasanduka wosema abangwe. Akamva kuti mnyamata wakutiwakuti akupita kummwera, ankamupatsa mmodzi waulere, n'kumugwira dzanja. "Ukakumana ndi Lackson, ukamuuze kuti alamu ake ali ndi mwana wamkazi, Dainess. Ukamuuze kuti sitinasamuke." Enifa ankadandaula kuti matabwa akutha popanda chobwera m'nyumba, koma ndi iye yemwe ankakazinga chimanga cha kamba wa anyamatawo. Itabuka nkhondo ya Ajeremani, amtengatenga ananyamula abangwe ena kumpoto, ndipo wina pobwera anati anamva Mswahili akuimba wotere kutali, kupitirira Karonga. Za Lackson panalibe anabwera nazo.

Nkhondo ikutha, Pilato anaganiza zopita yekha. Anayenda mpaka ku siteshoni ya Luchenza, koma kumeneko anamuuza kuti popanda chiphaso sakwera, ndiponso za ku Joni boma linaletsa kalekale. Anakhala pansi pa mtengo n'kuonerera sitima ikudutsa. Anayang'ana nkhope iliyonse ya otsika, kenako ananyamuka kubwerera kwawo.

Dzinja lomwelo kunagwa fuluwenza, ndipo inalowa m'midzi ya pa esiteti khomo ndi khomo. Pilato anagona masiku owerengeka, n'kumwalira. Anthu ankaopa kusonkhana, choncho pamaliro pake panalibe nyimbo. Anamunyamula amacheka a kuphiri aja, m'bokosi la mkungudza limene anakhoma okha, ndipo Enifa ndi Dainess ankatsatira pambuyo mumvula.