Dola ya Mikombero Iwiri

Mukaona munthu akuyenda mu Perth chowerama ngati wataya singano, musavutike kufunsa, amenewo ndi a Paterson. Masana amayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, kuwelehausi ina ku Welshpool, koma mtima wawo wonse uli pa makobidi. Anthu kuno amangogunditsa khadi basi. Iwo ayi, amalipira ndi yapepala kuti awabwezere tchenji. Akalandira amavala magalasi pomwepo pakauntala, mzere wonse ukudikira, n'kumatembenuza dola iliyonse ngati akusankha nyemba zofumbwa.

Kunyumba kwawo kuli zitini zodzaza ndi madola achikumbutso, a nkhondo, a masewera, a chaka chakutichakuti. Tsiku lina anazisenza kupita nazo kwa mzungu wogula makobidi m'tauni. Mzunguyo anangosuzumiramo, n'kunena kuti amenewa anadindidwa mamiliyoni, dola iliyonse mtengo wake ndi dola yomweyo. Akanalekera pompo bwenzi zili bwino. Koma pofuna kuwatonthoza anawauza kuti ilipo dola ya chaka cha 2000 imene mbali ya mutu wa mfumukazi anaidinda molakwika ndi chidindo cha teni senti, moti ili ndi mikombero iwiri, ndipo imeneyo anthu amachita kuilimbirana. Akazi awo a Nora, omwe ndi namwino ku Nedlands, mpaka lero amamutukwana mzungu ameneyo.

Kuyambira pamenepo panalibe ukwati wa Amalawi kapena Azambia umene a Paterson sanakhale kashiya. Kunotu yapepala yaing'ono ndi faifi dola, ndipo Mmalawi sangavine nyimbo yonse akumwaza mafaifi, angafe. Choncho pa perekaniperekani anthu amasinthitsa madola achitsulo n'kumaponya m'mbale. "Koma bambo awa ndi odzipereka!" ankatero anthu. Kudzipereka kwanji? Ankasefa. Kuba sankaba, tisawanamizire: akaona dola yokayikitsa ankaiika m'thumba n'kubwezerapo yawo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Natalie, anakula akuona paliwombo pa bambo ake. Nkhope inali pansi nthawi zonse. Ukwati wake utayandikira anawapempha chinthu chimodzi, m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno chija.

"Dadi, tsiku limeneli simukhala kashiya. Akakuitanani mudzabwere kudzavina nane, mudzandiyang'ane ineyo. Mukakanika ichi sindidzakupemphaninso kanthu."

A Paterson analumbira mpaka kuloza kumwamba.

Ndipo anayesetsa, abale inu. Anakhala kutebulo la makolo atavala suti, makobidi akulira m'mbale, iwo thukuta kamukamu, maso atawakhomera kudenga. Kenaka woyendetsa mwambo anafuula, "Tsopano bambo a mkwatibwi!" Anadzuka, anayamba kudikula akulowera kwa mwana wawo, amene anali atatambasula kale manja akumwetulira.

Ndiye mlendo wina wa ku Lusaka, dzanja litamuyabwa, anaponya madola ake n'kuphonya mbale. Imodzi inagubuduka, kudutsa pansapato ya a Paterson, kuyalula mutu wa mfumukazi kamphindi, n'kulowa kunsi kwa tebulo la keke.

Bambo aja gwa! maondo pansi. Azimayi anayamba kululutira poyesa kuti ndi sitepe yatsopano. Nthungululu zinatha anthu ataona kuti kunja kwa nsalu ya tebulo kwatsala zidendene zokha. Natalie anaimabe, manja ali m'malere, kumwetulira kukuuma pang'onopang'ono. A Nora anaphimba nkhope ndi chitenje. Amene anapulumutsa zinthu ndi mlongo wawo wa a Nora, a Lamson: anadzuka mwakachetechete, anamugwira manja mwanayo, n'kuvina naye nyimbo yonse, iye misozi ili chuchuchu.

Nyimbo itatha ndi pamene a Paterson anatulukira, suti ili mbuu, dzanja lili m'mwamba. "Ndi yomweyo! Nora, ndi yomweyo!"



Chokwiyitsa n'chakuti inalidi yomweyo. Ikanakhala dola wamba bwenzi anthu ataseka, nkhani n'kuthera pamenepo. Koma mzungu uja anaitsimikiza, mtengo anatchula wonona, ndipo a Paterson anayenda mlungu wathunthu akudabwa kuti n'chifukwa chiyani palibe akuwayamikira.

Manyazi anabwera mochedwa, koma anabwera. Loweruka lina anaikulunga dolayo m'kansalu, n'kupita nayo kunyumba yatsopano ya mwana wawo. Njira yonse ankayeseza mawu opepesa. Ankayembekeza kuti awakalipira m'Chingerezi mpaka makutu kuwawa, monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono, kenaka akumbatirana. Anali okonzeka kukalipiridwa, anachita kukulakalaka.

Natalie anatsegula chitseko, anawalozera mpando wa alendo. Atamupatsa kansalu kaja, mwanayo anagwada, analandira ndi manja awiri, osatsegula n'komwe.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero m'Chichewa chosalala, chaulemu wonse. "Kaya munayenda bwanji? Kunyumba mwasiyako bwanji?"

A Paterson anayankha kuti kuli bwino. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anamuyang'anitsitsa mwana wawo kumaso, koma iye maso anali pansi, monga amachitira mwana wamakhalidwe pamaso pa mlendo.