Jombo za Tsiku la Alendo

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandisunga potuluka ndi polowa. Anandiwolotsa malire atatu ndilibe mapepala okwanira, nandibwezera kwathu ku Thyolo ndikuyenda ndi miyendo yanga. Ena amene tinakwera nawo galimoto imodzi anabwerako ali m'bokosi.

Ndinatsimikiza zochoka m'nyengo yozizira, tiyi atasiya kuphuka, ife olembedwa panyengo atatiuza kuti tikadikire mvula kunyumba. Ndinali nditathyola tiyi zaka zisanu ndi ziwiri pa esiteti imodzi, koma chaka chilichonse ankandilemba mwatsopano ngati munthu amene sanamuonepo. Agogo anga aamuna anachokera ku Mozambique nadzagwira thangata m'minda yomweyi. Bambo anapita kumigodi nabwerako ndi chifuwa. Kubanja kwathu kuchoka ndi cholowa. Achemwali anga aakulu, a Esinati, mayi wamasiye wa ana atatu, anandiperekeza pa siteji ya Luchenza.

"Joni imameza anthu, achimwene," anatero. "Ikakumezani, muzitumizako mawu muli m'mimbamo."

Ndinapeza ntchito yotsitsa makatoni m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu. Tinkagona anayi m'kachipinda kamodzi. Ndalama zinalipo, sindinama, ndipo zina ndinkatumiza kudzera kwa oyendetsa mathiraki. Koma Lamulungu ndinkakhala kumbuyo m'tchalitchi cha chilankhulo chachilendo, ndikuimba nyimbo zakwathu chamumtima, ngati wandende m'mbali mwa mtsinje wa eni.

Tsiku lina katoni inang'ambika, mapaketi a tiyi namwazika pansi. Pambali panalembedwa kuti Malawi. Kutsogolo kunali chithunzi cha mayi wobereka dengu, akumwetulira, atavala epuloni ndi jombo zonyezimira. Pakona panali kachidindo, ndi mawu otsimikizira wogula kuti othyola tiyiyu ufulu wawo umalemekezedwa. Ndinaonetsa a Moyo, mnzanga wa ku Zimbabwe amene kwawo anali mphunzitsi.

"Ophunzira amati dziko lonse ndi msika umodzi," anatero a Moyo. "Inu mulime tiyi, ena apange magalimoto, musinthane, aliyense apindule. Akuti chuma chikadzaza pamwamba chimadonthera pansi."

"Ndiye chinadontha?"

"Ine ndayasamula pansi pano zaka khumi. Taonani, tiyi wanuyu wadutsa malire omwe munadutsa inu. Iye anamudindira mapepala namulonjera. Inu munabisala pansi pa tenti ya thiraki."

Ndinajambula paketiyo n'kutumizira achemwali pa foni, ndikuti mwina zinthu zasintha kumudzi. Anayankha mawu awiri okha: "Jombozo ndazizindikira." Ndinafunsanso, osayankha. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhazikike ndi chithunzi chija.

Patatha zaka zinayi apolisi anandigwira chifukwa cha mapepala, nandikweza basi yobwerera. Ndinafika ndi chikwama chimodzi, foni ndi Baibulo langa.

Mvula ili pakati, a Namakhwa, kapitawo wa gulu limene achemwali ankathyola nalo tiyi, anabwera kunyumba. Anati kukubwera alendo akunja, omwe amayendera maesiteti asanalole kachidindo kaja.

"Chizungu cha ku Joni muli nacho, a Fesitoni. Mudzatimasulire," anatero. "Koma ndinu wamkulu. Mlendo samuonetsa kuchipinda."

Dzulo lake la alendo ndinaona zimene achemwali sanafune kunena pa foni. Zimbudzi zinapakidwa laimu. Pa shedi yoyezera tiyi pa sikelo anakhomapo chipepala cha maufulu a anthu ogwira ntchito, m'Chingerezi. Kenaka anatsegula sitolo n'kugawa jombo ndi maepuloni, ndi lamulo lakuti alendo akachoka zonse zibwezedwe zili zoyera, zikadikire ulendo wina.

M'mawa kunagwa mvula. Njira yotsikira kumunda inasanduka matope ofiira. Amayi aja, poopa kudetsa katundu wa kampani, anasenza jombo pamutu n'kuyenda opanda nsapato, kuti akazivalire m'mizere ya tiyi. Palibe amene anawauza kutero. Ndi mmene munthu wakwathu amasamalira chinthu cha mwini. Koma galimoto ya alendo inafulumira, ndipo mayi wachizungu wa kabuku m'manja anatsika n'kupeza mzere wa amayi, mapazi ali m'matope, jombo zatsopano zili pamutu.

Anandifunsa chifukwa chake. A Namakhwa anathamangira kuyankha.

"Auzeni kuti amayi akuno sanazolowere. Akuti jombo zimawotcha."

Mlendoyo anapukusa mutu, naloza mayi amene anali patsogolo kuti ayankhe yekha. Anali a Esinati.

"Auzeni kuti chobwereka sayenda nacho m'matope," anatero achemwali, osakweza mawu. "Madzulo tibweza."

A Namakhwa anasendera pafupi nane. "Mndandanda wa chaka chamawa amalemba ndi anthu, a Fesitoni. Ana atatu aja amadya."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Wolembedwa panyengo sachotsedwa ntchito, amangosiya kuitanidwa. Ndikanatha kusintha mawu, mlendo n'kulemba zabwino, dzina la achemwali n'kukhalabe pa mndandanda. Koma ndinaleredwa podziwa kuti mboni yonama ndi sikelo yonyenga, Ambuye amanyansidwa nazo zonse ziwiri. Ndinachedwa kumasulira.

"Bwanji achimwene, Chizungu chija chathera m'basi?" anafunsa achemwali, amayi ena n'kuseka chobisa.

Ndinamasulira monga ananenera, osachotsa, osawonjezera.

Mlendoyo analemba nthawi yaitali. Anafunsanso amayi ena awiri, iwo anangoyang'ana pansi. Madzulo ake palibe amene anaitanitsa jombo, ndipo anthu anapita nazo kwawo akuimba. Zimene zinalembedwa m'kabuku kaja zinakathera kuti, sindidziwa. A Moyo ananditumizira chithunzi miyezi ingapo pambuyo pake: paketi yomwe ija, kachidindo komwe kaja, mayi uja akumwetulirabe.

Mvula ya chaka chotsatira itagwa, mayina anawerengedwa pa shedi. La achemwali panalibe. Palibe amene anatchula za jombo. Anati mtengo wa tiyi watsika kunja, ntchito yachepa. Mwina ndi zoona. Mtengowo amaukonza anthu amene sitidzawaona, ndipo wosauka alibe pokafunsa.

Ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza kumunda kwawo ku Kapichi akupalira chimanga ndi nandolo, jombo zija zili kumapazi.

"Achemwali, ndikanangosinthako pang'ono, bwenzi muli pantchito."

"Mukanasintha, bwenzi ndikukuonani bwanji mukamawerenga Mawu kutsogolo m'tchalitchi?" Anagunda khasu pansi kuti dothi ligwe. "Ufulu uja munkaunena ndi uwu ndavalawu. Wandikulira, koma ndaikamo nsanza. Tengani khasu ilo, mzere uwo ndi wanu."

Tikulima limodzi mpaka lero, ndipo ana aja akudya, ngakhale sizikwanira masiku onse. Ndinkaganiza kuti ku Joni n'kumene katundu amalemekezedwa kuposa munthu. Ndinabwera kudzaona kuti zimayambira pakhomo pompano, pamene mayi amasenza jombo pamutu, phazi lake lili m'matope. Masiku ano munthu akafika ndi kabuku n'kunena za maufulu, ndimamulandira bwino, ndimampatsa mpando. Koma ndimayang'ana kaye ngati khoma lapakidwa laimu dzulo.

Inu amene mwawerenga izi, kaya muli kumudzi kaya muli m'kachipinda ka dziko la eni, Ambuye akusungeni potuluka ndi polowa. Akupatseni chakudya cha lero, ndi lilime losapindika pa tsiku limene mudzafunsidwe. Ndipo chimene mwavala chikhale chanu, chosabweza madzulo. Amen.